Chaka Chimene Bambo Anayamba Kudya Maungu

1

Ine sindikonda nkhani zozungulira, choncho ndingoyamba ndi chimene chinachitika. Tsiku lina, kuzizira kutangoyamba, bambo a kunyumba kwanga anabwera kuchokera ku ntchito atanyamula maungu awiri m'jumbo. Anawaika pa tebulo la m'khitchini.

Ndinayang'ana maunguwo, ndinayang'ananso eni ake.

"Mwawatola kuti?"

"Ndagula."

"Inu? Maungu?"

Muyenera kudziwa kuti bambowa ndinakwatirana nawo tsitsi langa lili bii, ndipo dzungu anali asanalilawepo pamaso panga. Ankati ndi chakudya cha nkhumba ndi makanda. Ntchito yawo inali yokonza mafiriji ndi masitovu m'kashopu kawo kuseri kwa msika, moti aliyense ankangowatchula kuti a Mafiriji. Anali munthu wa buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri, ndi tiyi wa shuga woti sipuni iimirire yokha.

Anakhala pa mpando, n'kuvula chipewa, n'kuchiika pa bondo.

"Mayi, ndinapita ku chipatala. Adokotala akuti m'mimba mwangamu simuli bwino. Ndiyenera kusintha kadyedwe."

"Simuli bwino bwanji? Apezamo chiyani?"

"Mayina awo ataliatali aja angawagwire ndani? Koma akuti ndiyambe dayeti ya paleo."

"Ya chiyani?"

"Paleo. Kudya ngati anthu akalekale okhala m'mapanga aja. Buledi ayi, mpunga ayi, nyemba ayi, mkaka ayi, shuga ayi. Nyama, nsomba, mazira, masamba ndi zipatso basi. Ndiye pambali pa nyamapo, m'malo mwa mpunga, muzindiikira maungu."

"Anthu a m'mapangawo anali ndi dokotala wowauza zimenezo?"

Sanaseke. Kusasekako ndiye kunandiopsa, chifukwa a Mafiriji anali munthu woseka ngakhale atadzimenya chala ndi hamala.

Ine ndinagwira ntchito m'khitchini ya chipatala mpaka pamene anandipumitsa. Ndinkadziwa kuti mwamuna akapita yekha kwa dokotala, popanda womukoka, ndiye kuti zinthu zafika pena. Ana tinalibe. Abale anga anali atatha mmodzimmodzi. Padziko lonse ndinatsala ndi munthu mmodzi yekhayu, ndipo ndinkaopa kumutaya. Ndinalumbira mumtima kuti ngati maungu ndiwo angandisungire mwamuna wanga, ndiphika maungu mpaka manja atachita matuza.

2

M'mawa mwake ndinayamba. Dzungu la batanati ndi louma mutu, limafuna mpeni wakuthwa ndi munthu wosanyengerera. Umadula kumutu ndi kumatako kuti liime, n'kulisenda, n'kuling'amba pakati, n'kukolopola nthanga ndi sipuni. Ukatero umaduladula tizidutswa tofanana kuti tipsere pamodzi. Mafuta a olivi pang'ono, mchere, adyo wosinja, n'kuyala pa thireyi. Osaunjika. Ukaunjika sizipsa, zimangochita thukuta. Uvuni ukhale wotentha kwambiri, utembenuze kamodzi kokha, ndipo m'mbali mukayamba kufiirira utulutse. Palibe zamatsenga.

Ndinkaika m'bakuli, nkhuku mbali ina, maungu mbali ina, bambo n'kunyamula popita ku shopu. Madzulo ankati adokotala anawaletsa kudya zambiri, choncho ankangodya dzira ndi chipatso, maso ali pa mbale yanga. Ndinasiya kugula buledi kuti ndisawaike m'mayesero. Shuga yense ndinakapatsa aneba.

Ku msika kunali mayi wina wogulitsa maungu amene tinkamutchula kuti Mai Sikelo, poti chala chake sichinkachoka pa sikelo. Ataona kuti ndikubwerabwera, anayamba zake.

"Amayi, kodi mwatsegula khola la nkhumba?"

"Ndi a bambo. Ali pa dayeti."

"A Mafiriji? Pa dayeti? Ndiye kuti inenso ndine namwali!"

"Chotsa chalacho apo, undipatse lolemera, la khungu losanyezimira, la phesi louma."

Kuti asatope nawo ndinkasinthasintha. Tsiku lina ndinkang'amba dzungu pakati, n'kulivundikira pa thireyi osasenda, likapsa n'kukolopola mnofu wake, n'kuthira mafuta a kokonati ndi sinamoni. Tsiku lina ndinkaliwotcha pamodzi ndi anyezi ndi apulo. Nthanga sindinkataya, ndinkazitsuka n'kuzikazinga ndi mchere kuti azitafuna pogwira ntchito.

Zinthu ziwiri zinandidabwitsa. Choyamba, bakuli linkabwera litatsukidwa mbee, lopukutidwa ndi kunja komwe. Bambowa chikwatirane anali asanatsukepo ngakhale kapu. Chachiwiri, anayamba kuyamikira chakudya.

"Za dzulo zija zinakoma, makamaka m'mbali mofiiriramo. Kaja munathira kaja, konunkhira ngati keke, n'chiyani?"

"Sinamoni."

"Eya. Mawa muthirenso."

Ndinatembenukira ku sinki kuti asaone nkhope yanga. Ndinali nditaona amuna ambiri m'chipatala, aukali ngati mavu, akufatsa matenda akawagwira. Munthu akayamba kuthokoza pa tinthu ting'onoting'ono, nthawi zambiri amakhala kuti wamva china chake m'thupi.

3

Kuzizira kutafika pachimake, malamulo anayamba kusintha.

Poyamba anati ndichotse adyo, akuwotcha pamtima. Kenako anati nthanga ndisiye. Kenako nyama inayamba kubwerera yosakhudzidwa, maungu okha atadyedwa.

"Muzinyenya ndi foloko, mayi. Tizidutswa tija tikuvuta kumeza."

Ndinanyenya. Sipanapite nthawi, anati ndizisefa pa sefa kuti pasakhale timaulusi. Ndinasefa. Kenako m'mawa wina, akumanga nsapato, nkhope ili pansi, anati:

"Bakuli lija lisiyeni. Muzipanga supu wamadzimadzi, muziika m'fulasiki."



M'khitchini ya chipatala tinkaphika miphika itatu: cholimba, chofewa ndi chamadzi. Nesi akabwera n'kunena kuti bedi lakuti lichoke pa cholimba lipite pa chofewa, tinkangogwedeza mitu. Akabweranso kuti lipite pa chamadzi, tinkangoyang'anana. Ife ophika tinkadziwa za maliro abale a wodwala asanadziwe. Tsono mwamuna wanga anali atadutsa miphika yonse itatu m'nyengo imodzi.

Mwina mufunsa kuti kodi sindinkaona thupi lawo? Ndinkaliona. Sanali kuwonda ayi, mimba inali kukula, lamba anali atabooledwa bowo lina. Mkazi wina akanati mwamunayu akunenepa. Koma ine ndinali nditaona odwala chiwindi ndi impso akutupa mimba ndi madzi, ndiye ndinati basi, ayamba kutupa. Kudziwa kwanga komweko ndiye kunandiphimba m'maso.

Madzulo ena atakhala pa sofa, ndinagwada n'kuwadina pa msongolo ndi chala chachikulu kuti ndione ngati patsale dzenje.

"Ih! Mukunditsiniranji?"

"Khalani phee. Mawa tipitire limodzi kwa dokotala wanuyo."

"Safuna gulu."

"Ine ndine gulu?"

"Mayi, ndasiya kukuvutitsani ndi zambiri, inu muzingophika. Ndi chokhacho ndikupempha."

Maso awo anali ofiira. Ndinawasiya.

Ndinapita kwa mlamu wanga, mlongo wawo wa bambo. Ine ndi mayi ameneyu sitinkamwerana madzi. Ndi amene pa ukwati wa mwana wake anauza anthu ine ndili pomwepo kuti achimwene ake anagula firiji yokongola koma yopanda kanthu m'kati. Komabe mbale wake akamafa ayenera kudziwa.

"Mlamu, achimwene anu akupita. Afika pa zamadzi."

Ndinkayembekeza kuti alira. Iye anangoyang'ana pansi, n'kumakonzakonza nsalu ya pa tebulo imene inali yokonzeka kale.

"Musamayambe maliro munthu ali moyo, mlamu. Pitani kwanu muzikaphika. Akuti supu wanuyo ndi yekhayo amene akukhazikika m'mimba."

"Za supu wakuuzani ndani? Inetu sindinatchule supu."

"A... achimwene. Anadutsa pano."

Anandiperekeza mpaka pa geti, chinthu chimene anali asanachitepo.

4

Supu ndinkamupanga chonchi: mafupa a nkhuku ndinkawawiritsa mpaka msuzi utagwira, n'kusefa, n'kuikamo dzungu lowotcha ndi kachidutswa ka jinja, n'kusefanso. Koma fulasiki inayamba kubwerera ndi theka.

Tsiku lina ndinati zakwana. Munthu wa pa chamadzi sasiyidwa kuti azidzimwetsa yekha pakati pa mawaya ndi zitsulo. Ndinavala juzi, n'kutenga sipuni yaing'ono ndi kathaulo, n'kunyamuka masana kuti ndikawamwetse ndekha, afune asafune.

Ndinapeza shopu yotseka. Wosoka nsapato woyandikana nawo anandilonjera, misomali ili kukamwa.

"Mwawaphonya pang'ono, amayi. Apita kukadya."

"Kukadya kuti?"

"Pa lesitilanti ya pakona paja, monga mwa masiku onse."

Monga mwa masiku onse.

Ndinaima kunja kwa lesitilantiyo, kuseri kwa galimoto ina, n'kusuzumira pa zenera. Mwamuna wanga wakufa uja anali atakhala pa tebulo la pakona, malaya atapinda manja. Patsogolo pawo panali phiri la mpunga, nyemba zikusefukira, magawo a buledi pambali, ndi kapu yaikulu ya tiyi wa mkaka. Ndinawaona akuthira shuga, sipuni pa sipuni, osawerenga. Ankameza bwinobwino. Pakhosi pawo palibe chimene chinkakodwa.

Fulasiki yanga inali pa mpando wapambali, yosatsegula.

Choyamba kubwera mumtima mwanga chinali chimwemwe, ndisaname. Sakufa! Ndinatsala pang'ono kulowa kukawakumbatira ndi nyemba zawo zomwe. Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa funso linabwera pambuyo pake. Ngati wa pa chamadzi si iwowa, nanga ndani? Malamulo aja sanali opeka. Munthu wosadziwa za odwala sangapeke ndondomeko imeneyo. Kwinakwake kunali munthu amene pakhosi pake pankatsekeka, ndipo ine ndi amene ndinkamudyetsa.

Atamaliza anapukuta pakamwa, n'kunyamula fulasikiyo ndi manja awiri ngati khanda. Ndinawatsatira chapatali. Anadutsa pa siteji ya basi, n'kukhotera mu msewu wa masitolo a matayala, n'kulowa m'nyumba ina yosanja, yakale, ya penti wosupuka. Ine pambuyo, mawondo akulira pa masitepe. Analowa chitseko chomaliza, chimene panja pake panali kachitini ka maluwa ouma.

Sindinagogode.

5

Chinali chipinda chimodzi. Bedi, tebulo lodzaza mabotolo a mankhwala, kasitovu pakona, ndi khoma lomatidwa zithunzi zojambula ana a sukulu, nyumba zopindika ndi madzuwa a miyendo. Pa bedipo panagona mkazi wa zaka za m'ma makumi atatu, wowonda moti bulangeti linkaoneka ngati layalidwa pa nkhuni. Bambo anali atakhala m'mphepete mwa bedi, sipuni yaikulu ili m'manja.

Atandiona, sipuniyo inaima m'malere.

"Adadi, ndani?" anafunsa wodwalayo.

Adadi.

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Mphumi yotakata ija, makutu oimirira aja, mpata wa pakati pa mano akutsogolo. Panalibe chofunsa.

Mkaziyo anayang'ana manja anga. Ukamasenda batanati tsiku ndi tsiku zikhatho zimasanduka zachikasu, khungu n'kumakakamala ngati wapaka guluu. Nkhope yake inawala.

"Ndinu amayi ophika aja! Adadi amandiuza za inu. Akuti pa antchito onse amene anakhalapo nawo, palibe wa dzanja lokoma ngati inu. Zikomo, amayi. Chikhala kuti si inu, bwenzi nditapita kale."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Ndinawapatsa mpata wokwanira kuti anene kuti, "Ayi mwanawe, awa ndi akazi anga." Anangoyang'ana nsapato zawo.

Ndikanatha kukuwa kuti nyumba yonseyo imve. Ndikanatha kuwaphwanya ndi fulasikiyo pamphumi. Koma ndinaona supu akutsika pa chibwano cha mwanayo kulowa m'khosi mwa malaya, mutu wake uli chagada pa pilo mmodzi wophwatalala. Zaka zonse zija za m'chipatala zinandilankhulira.

"Sunthani apo, mukumutsamwitsa. Munthu samwetsedwa atagona."

Anasuntha. Ndinapinda juzi yanga n'kuiika kumsana kwake kuti akhale tsonga. Ndinatulutsa sipuni yanga yaing'ono ija, n'kumamupatsa theka, n'kudikira ameze, n'kumupatsanso. Anamwa kuposa theka la fulasiki.

"Abwana anu aakazi akudziwa kuti mwabwera kuno?" anandifunsa monong'ona. "Asakuchotseni ntchito chifukwa cha ine."

"Za ntchito yanga zisiye. Yasama."

6

Bambo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Anandipeza ndikusenda dzungu la mawa. Anaima pakhomo la khitchini ngati mlendo.

"Mayi..."

"Yambirani pachiyambi, ndipo musalumphe."

Anafotokoza. Mayi ake a mwanayo anali wogulitsa m'sitolo ina kumene ankakakonza firiji, ukwati wathu uli wanthete. Mayiyo anamwalira mwanayo ali wamng'ono. Mwanayo anakulira kwa azakhali a mayi akewo, kenako ku sukulu zogonera komweko, ndipo pa tchuthi ankakhala kwa mlamu wanga yemwe uja. Anaphunzira, n'kukhala mphunzitsi wa ana aang'ono. Matenda ake anali khansa ya m'matumbo imene inapezeka mochedwa. Madokotala anachita zimene akanatha, kenako anati azidya chilichonse chimene mimba yake ilola. Za paleo mwanayo anamva kwa mnzake wa ku ntchito, n'kuzigwiritsitsa, poti munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Koma analibe mphamvu zoimirira pa sitovu, mlamu anati iye kusenda maungu kumamupweteka msana, ndipo bambo sankadziwa ndi kuwiritsa dzira komwe.

"Ndiye munati pali chitsiru china kunyumba chodziwa kuphikira odwala."

"Si choncho, mayi."

"Nanga bwanji munamuuza kuti ndine wantchito?"

"Akanadziwa kuti ndi inu, sakanadya."

"Chifukwa?"

Anazungulitsa chipewa m'manja.

"Ali mwana ankalira kuti ndimutenge azikakhala kwathu. Ndinasowa chomuyankha. Ndinamuuza kuti akazi anga ndi ankhanza, safuna kuona mwana wa munthu wina. Anakula akukuopani."

Mpeni ndinauika pansi, chifukwa sindinkadzikhulupirira.

"Ndinkaopa kukupwetekani," anatero. "Poti inu munalibe wanu..."

"Ndinalibe chifukwa munandibisira! Mukukumbukira mmene ndinkalukira masokosi a makanda a eni ake? Mukukumbukira ndikukupemphani kuti titenge mwana wamasiye, inu n'kunena kuti magazi achilendo amavuta? Nthawi yonseyo kunali mwana wamasiye wa magazi anu omwe, akulira pa geti ya sukulu kuti amutenge, ine ndikulira kuno kuti andipatse. Munaima pakati pathu ngati khoma, uku n'kunama, uku n'kunama."

Analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, koma sizinandikhudze. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Koma apa wovumbwa sanali mwini mapangawo. Tinavumbwa ndife.

"Fulasiki simuinyamulanso," ndinawauza. "Ndizipititsa ndekha."

7

Kuyambira pamenepo ndinkapita tsiku lililonse. Ndinkamutchula kuti Aphunzitsi, iye n'kumanditchula kuti amayi ophika. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumupesa katsitsi kamene kanatsala. Supu ndinayamba kuphikira pa kasitovu kake komweko, chifukwa ankati fungo la dzungu likamapsa limamukhutitsa kuposa kumeza.

"Kodi mukukhulupirira kuti paleoyu andichiritsa?" anandifunsa tsiku lina.

"Ine sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzungu likukhala m'mimba mwako, ndipo chokhala m'mimba ndiye chakudya."

"Ndiye kuti simukukhulupirira."

"Anthu ako a m'mapangawo alipo ndi mmodzi yemwe wamoyo?"

Anaseka mpaka anatsokomola. Ankaseka ngati bambo ake, mutu ataugwetsera kumbuyo.

Tsiku lina ndikumudula zikhadabo, anati:

"Ndiuzeni zoona. Abwana anu aakazi aja ndi ankhanzadi? Ndili mwana ndinkawalota ali ndi mano ataliatali. Tsiku lina ndinathawa ku sukulu, ndinafika mpaka pa geti yawo. Ndinaona mayi akuyanika zovala, akuimba. Ndinaima, ndinaima, kenako ndinathawa."

Ndinapitiriza kudula, maso ali pa chala chake.

"Ndi munthu wapakamwa, wosapirira zopusa. Koma ukanalowa pa getipo, akanakufunsa ngati wadya. Sanauzidwe, mwanawe. Palibe anamuuza kuti uliko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Zinaululika zokha Loweruka lina. Bambo analowa n'kusiya chitseko chili pululu, mphepo yozizira n'kuwomba pa bedi.

"Tsekani chitsekocho inu! Munabadwira m'basi? Ndipo nsapato zamatopezo muvulire panja, ndakolopa pano!"

Anabwerera m'mbuyo mwachangu n'kukavula. Pa bedi panamveka kuseka kofooka.

"Wantchito sakalipira bwana wake choncho."

Bambo anaima pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja.

"Ndinayamba kukayika tsiku la zikhadabo lija," anatero mwanayo. "Mayi woyanika zovala uja ankaimba nyimbo imene inu mumaimba mukamasefa supu." Misozi inatsikira m'makutu mwake. "Ndikhululukireni. Ndakudyerani manja anu nyengo yonseyi ndikukutchulani wantchito."

"Wandilakwira chiyani iwe? Unadzibereka wekha?"

"Ndiye ndizikuitanani kuti ndani?"

"Mmene ukufunira."

Anachotsa liwu limodzi lokha. M'malo mwa amayi ophika, anangoti, "Amayi."

Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, supu akuzizira. Atamaliza kumwa ndinatuluka, n'kukakhala pa masitepe, n'kulira mmene ndinali ndisanalirirepo chimwalirire mayi anga.

8

Mwanayo anamwalira m'mawa wina kutayamba kufunda, ine nditamugwira dzanja, bambo ake atapita kukaitana galimoto. Masiku omalizirawo sankameza kanthu. Ndinkangoviika kathaulo m'madzi n'kumunyowetsa milomo.

Pa maliro mlamu wanga anafuna kundigwira paphewa. Ndinachotsa dzanja lake mwaulemu. Anthu ankanong'onezana, ena akuti ndine chitsiru, ena akuti ndine mngelo. Onsewo ananama. Ndinangoona munthu wanjala, ine ndili ndi sipuni.

Titabwerera kunyumba, bambo anakhala pa mpando wawo wa m'khitchini uja.

"Mayi, tsopano tatsala awiri. Tiyambirenso."

Ndinawayang'ana. Ndinafunafuna mwamuna amene ndinkaopa kumutaya uja, amene ndinamusendera maungu mpaka zala kung'ambika. Pa mpandopo panali nkhalamba ina yachisoni, yofanana naye nkhope. Sindinkaida. Koma sindinkaidziwa.

"Tinali atatu," ndinawauza, "inu nokha ndi amene munkadziwa. Ine sindingathe."

Ndinalongedza zovala zanga, mipeni yanga ndi thireyi. Chipinda cha mwanayo chinali chisanapeze munthu, ndiye ndinalowamo ine. Ndimo ndikukhala mpaka lero. Masitepe amandipweteka mawondo, koma ndazolowera. Bambo amabwera nthawi zina kudzaona ngati kasitovu kakugwira ntchito. Ndimawapatsa mpando ndi tiyi, amamwa, amapita.

Tsono inu owerenga, ine sindine mlaliki. Koma amuna inu amene mwabisa mwana kwinakwake n'kumati mukuteteza akazi anu, mukunama, mukudziteteza nokha. Musamuyezere mkazi katundu amene mtima wake ungasenze. Muuzeni. Akalipa, mwina aswa mbale, mwina achoka. Koma mwinanso afunsa kuti mwanayo amavala nsapato za saizi yanji. Ndipo inu alongo, azakhali ndi aneba amene mumadziwa n'kumangoyang'ana pansi, dziwani kuti kukhala chete kwanuko kumadya zaka za anthu. Ine kunandidyera mwana. Ndinamulandira atatsala mafupa, ndinamulera nyengo imodzi yozizira, n'kumuika m'manda.

Mwezi wathawu bambo anandibweretsera envulopu ya zithunzi zake ali mwana, zimene ankabisa m'bokosi la zitsulo ku shopu. Chimodzi ndachipachika pafupi ndi chitseko. Waima pa geti ya sukulu, wavala yunifolomu yomukulira, mabatani atasemphana, kolala itapindikira m'kati. Aliyense angaone kuti m'mawa umenewo panalibe womuyang'ana asanatuluke.

Ndikamadutsa pamenepo, dzanja langa limanyamuka lokha kuti ndimukonze kolalayo.